Musanabwere kuti ndikulembereni chikwangwani, chitani kaye izi

Ndimalemba zikwangwani muno mu Lusaka, ndipo pali funso limodzi limene landikwana. Munthu amafika, n'kukhala pabenchi, n'kupukuta thukuta, kenako amvekere: "Akulu, ndikufuna chikwangwani chooneka bwino. Tilembepo chiyani?" Ndikamufunsa kuti kuoneka bwinoko n'kotani, amapisa m'thumba, n'kutulutsa foni, n'kundionetsa chithunzi cha shopu ya mnzake ya ku Chilenje. "Ngati ichi. Mungosintha dzina ndi nambala."

Kukopera n'kosavuta, ndipo ndalama yake ndimalandira ndithu. Koma sipapita miyezi iwiri, munthu yemwe uja wabweranso, akudandaula kuti makasitomala akumupitirira, ena akukalowa kwa neba poyesa kuti ndi komweko. Ndiye ndati ndilembe zonse kamodzi, kuti wina akadzandifunsanso ndizidzangoti, "Kawerengeni kaye, mubwere Lachisanu." Izi n'za aliyense amene ali ndi pake pogwirira ntchito: saluni, pometera, posokera zovala, golosale, malo odyera nsima, ngakhale kantemba. Abale a ku Malawi amene mawuwa ndi achilendo kwa inu, kantemba ndi okala, kashopu kamatabwa kapena kamalata ka m'mbali mwa msewu.

Chikwangwani chabwino chimafanana ndi mwini wake. Titaphimba dzina ndi chikhato, kasitomala wanu wakale azithabe kunena kuti ichi n'cha auje.

1. Yambani ndi kuwoloka msewu

Za dzina ndi mitundu zisiyeni kaye. Tulukani mu shopu, wolokani msewu, mukaime pamene munthu amayambira kukuonani. Pobwerera werengani mapazi. Munthu wamkulu akatanyula bwino, phazi limodzi limatsala pang'ono kukwana mita. Nambala imeneyo ndiyo idzatiuze kukula kwa zilembo. Ife olemba timayendera muyeso wakuti pa mamita 3 alionse, chilembo chitalike masentimita awiri ndi theka. Ngati anthu amakuonerani pa mamita 12, monga zimakhalira m'tinjira ta m'komboni, zilembo za masentimita 10 zakwana. Ngati muli m'mbali mwa Great East Road kapena Lumumba Road, ndipo mukufuna kuti wa m'minibasi akuoneni ali pa mamita 30, pafunika masentimita 25. Kumbukiraninso kuti munthu ameneyo wapanikizika pakati pa anzake atatu, akuyang'ana pawindo lafumbi, basi ikuthamanga. Sawerenga ndime, amangotola mawu atatu kapena anayi.

Komboni ndi mmene timatchulira madera odzaza anthu monga Kanyama, Chawama ndi Mtendere. Kumayadi ndi kwa mipanda kuja, monga ku Kabulonga. Kuwiriku anthu sayenda mofanana. M'komboni kasitomala amabwera wapansi ndipo amaona zimene zili molingana ndi maso ake. Kumayadi amabwera pagalimoto ndipo amafuna chomuuza pokhotera.

Muli chiimire pomwepo, onani zimene zikukutchingani: mtengo wa mango, polo ya magetsi ya ZESCO, tizipinda totumizira ndalama pafoni. Kenako jambulani mzere wonse wa mashopu, yanu ili pakati. Chithunzi chimenecho musachifufute, tichifuna kutsogoloku.

2. Dziwani zimene anthu amanena za inu mukakhala kulibe

Apa ndi pamene ambiri amathawa, ndipo ndi pamene ndikhalitse. Aliyense amafuna kulumphira ku mitundu chifukwa kusankha mitundu n'kokoma. Koma ukamufunsa munthu kuti, "Inu mumasiyana bwanji ndi telala wa khomo lachiwirilo?" amayang'ana kudenga. Akati ayankhe, amati ntchito yanga ndi yabwino, mitengo yanga ndi yotsika, ndine wokhulupirika. Neba wanunso amanena zomwezo. Sindinaonepo munthu atalemba pakhomo pake kuti muno timabera anthu ndipo ntchito yathu ndi yosalongosoka.

Munthu sadziona nkhongo. Zimene mumadziwika nazo mwazizolowera kwambiri moti simuziwerengeranso ngati kanthu. Ndiye musadzifunse nokha, mverani ena. Patulani sabata yathunthu, ndipo kumapeto kwa kope lanu la ngongole sungani tsamba limodzi la ntchito imeneyi.

Choyamba, tcherani khutu kasitomala akamayankha foni ali mu shopu mwanu. Akafunsidwa kumene ali, amati, "Ndili kwa…" Mawu amene amalizire nawo alembeni mmene wawanenera, ngakhale akhale oseketsa. "Kwa mdala wa wailesi uja." "Kwa amayi a mbasela." Mbasela ndi kaja kowonjezera kamene wogulitsa amakuikira pamwamba ukagula. Munthu amene amadziwika ndi mbasela ali kale ndi chikwangwani m'mitu ya anthu, changotsala kuchilemba pachitsulo.

Chachiwiri, funsani anthu atatu: kasitomala wakalekale, mwana amene amatumidwa kwa inu, ndi munthu mmodzi wolankhula mosapsatira, monga mlamu wanu uja mumamuzemba pamaliro. Amayi anu okubalani musawafunse, adzangoti zonse zili bwino mwanawanga. Akunyumba kwanunso ayi, ali ndi zifukwa zawo. Kafunsidwe kakenso kali ndi njira. Mukati, "Kodi ine ndine munthu wotani?" mulandira ulemu wokhawokha. Funsani kuti, "Mnzanu atafuna kufika kuno, mungamulondolere bwanji?" kapena, "Tsiku lija munapita kwa wina, n'chiyani chinakubwezani kuno?" Akayamba kuyankha, khalani chete. Musadziteteze, musawonjezere.

Chachitatu, sabata ikatha tengani bolopeni mufufute liwu lililonse limene neba wanu angalilembe pakhomo pake osanama. Zabwino, zotchipa, zamakono, zapamwamba, zonsezo zichoke. Zimene zatsala, mwina ziwiri kapena chimodzi chokha, ndizo zanu.

Mayi wina wosoka ku Mtendere anabwera kwa ine atalemba kale papepala mawu achingerezi asanu ndi awiri, pamodzi ndi chithunzi chimene mwana wawo anachitenga pa intaneti, cha mzungu atavala diresi laukwati. Ndinawafunsa kuti, "Mayi, madiresi aukwati mwasoka angati chaka chino?" Anaseka, n'kunena kuti limodzi, la mwana wa mchemwali wawo. Tsiku ndi tsiku amasoka mayunifomu a ana asukulu ndi zitenje za azimayi a kutchalitchi. Nditapita kukayeza khoma, kunabwera kamtsikana kudzatenga siketi, ndipo ndinakafunsa kuti amayi ake akamakatuma amati kapite kuti. Kanayankha mosaganiza n'komwe: "Kwa ambuya a makina akuda a pakhonde." Makinawo ndi akale aja opalasa ndi mapazi, penti yagolide ya pakhosi pake inatha ndi manja. Malaiti akazima matelala ena onse amapinda manja, koma pakhonde paja phokoso limamvekabe mpaka kumsewu. Tinajambula makina akudawo, aakulu, pachikwangwani chotuwira ngati mkaka. Dzina lawo pamwamba, pansi mawu atatu onena zimene amasoka. Mzungu uja tinamusiya mu foni.

Koma si nthawi zonse zimatha mokoma chonchi, ndipo ichi n'chimene amene amalangiza za zikwangwani sakuuzani. Nthawi zina zimene anthu amakuonerani si zimene inu mumafuna kukhala. Mnyamata wina wometa ku Matero ankafuna zilembo zonyezimira ndi nkhope za oimba a ku America. Chonsecho amene amadzaza benchi yake ndi madala opuma pantchito, obwera kudzameta mpala n'kukhalira nsolo, imene ena mumati bawo, mpaka dzuwa kupendeka. Amamukonda chifukwa dzanja lake ndi lofatsa ndipo sawathamangitsa. Nditamuuza kuti chuma chake ndi madalawo, nkhope inagwa. Anakana, ndipo ndinamulembera zimene ankafuna, poti ndalama inali yake. Madala akale akubwerabe chifukwa akumudziwa. Koma mdala wachilendo akaona chikwangwanicho amadutsa, poyesa kuti ndi kwa anyamata. Anyamatawo akasuzumira n'kuona imvi pabenchi, amabwerera pakhomo. Ngati mukufunadi makasitomala amtundu wina, sinthani kaye ntchito ndi zochitika zam'kati, chikwangwani chidzatsatire pambuyo.

Nanga zimene mwamvazo zikakhala zowawa? "Kwa uja amachedwetsa." "Kwa amayi aukali aja." Penti sichiza zimenezo. Mukalemba zokoma pakhomo m'kati muli zomwezo, ndiye chikomekome cha nkuyu chija. Komabe siyanitsani chilema ndi chibadwa. Ngati anthu amati ndinu wofatsa, wosalankhulalankhula, chimenecho si chilema. Chikwangwani chanu chikhalenso chofatsa, cha malo ambiri opanda kanthu. Ngati ndinu wanthabwala moti anthu amachoka akupukuta misozi, kamawu kamodzi koseketsa pansi pa dzina kadzakugwirirani ntchito. Cholakwika n'chakuti wofatsa abwereke nthabwala za mnzake. Kasitomala akalowa n'kupeza munthu wa zii, amaona ngati wasochera.

Pomaliza pa sitepe imeneyi, sankhani zimene zikhale zanu zam'nyumba. Si zonse za inu zoyenera kukwera pakhoma. Vesi la m'Baibulo, ngati ndinudi munthu wa pemphero, liikeni limodzi, laling'ono, pansi. Timu ya mpira ganizani kawiri: theka la msewu wanu limachemerera ina, komanso chizindikiro cha timu chili ndi eni ake. Nkhope yanu, dzina la mudzi wa kwanu ku Katete kapena ku Chadiza, zonsezo n'zotheka, koma dzifunseni ngati mudzakondwe kuziona pamenepo zaka zisanu zikubwerazi, aliyense wodutsa akuziona, kuphatikizapo amene muli nawo ngongole.

3. Dzina

Tsopano mwadziwa chimene muli, dzina lisakuvuteni. Yendani mu Kamwala kapena m'misewu ya ku Kabwata muwerenge kuti ndi mashopu angati othera ndi "General Dealers", "Investments" kapena "Enterprises", ndi angati oyamba ndi "Blessings" kapena "Grace". Mayina amenewo salakwa, koma ali ngati yunifomu: onse mukavala, mwana wanu simumuzindikira pagulu.

Dzina labwino ndi limene munthu angauze kondakitala m'minibasi yodzaza kuti, "Ndisiyeni pa…" iye n'kumva kamodzi. Liyeseni chonchi: imbirani mnzanu foni muli pakati pa phokoso la ku City Market, mutchule dzinalo kamodzi, iye alilembe n'kukutumizirani. Akalakwitsa, dzinalo ndi lovuta. Ndipo ngati anthu anakupatsani kale dzina lawo, monga pamango kapena pakona, musalimbane nalo. Adzapitiriza kulitchula ngakhale mutalemba zina.

Lusaka ndi mzinda wa zilankhulo zambiri. Dzina la Chinyanja limveka bwino kwa ambiri, koma lidutsitseni m'makutu mwa mnzanu wolankhula Chibemba, wina Chitonga, wina Chilozi, kuti mutsimikize kuti silikutanthauza zochititsa manyazi kwawoko. Mukasankha Chingerezi, fufuzani kalembedwe mu dikishonale, osati pachikwangwani cha neba. Zolakwika ziwiri zimene ndakonza kambirimbiri: malo okonzera tsitsi ndi "Salon", pamene "Saloon" ndi malo omwera mowa kapena mtundu wa galimoto, zolembera ndi makope ndi "Stationery", pamene "Stationary" ndi chinthu chongoima osayenda.

Musanawononge penti, pitani ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa mayina a mabizinesi ndi makampani. Amayamba ndi kufufuza ngati dzinalo lilibe kale mwini kapena silikufanana kwambiri ndi la wina. Kuyamba ndi chikwangwani n'kudzamva pambuyo kuti dzinalo lakanidwa, ndiye kulipira kawiri. Za kutcha shopu dzina la mwana woyamba sindiletsa, koma konzekerani mafunso a wachiwiri akadzaphunzira kuwerenga.

4. Mitundu iwiri, yochokera m'nyumba mwanu

Sankhani mitundu iwiri, kuwonjezapo woyera kapena wakuda. Musaifune pa intaneti. Tsegulani sutikesi mutulutse chitenje kapena shati imene mumaivala kawirikawiri osaganiza, yang'anani mtundu wa chitseko chanu, wa makapu amene munasankha nokha. Munthu aliyense ali ndi mitundu imene amabwererako yekha. Bweretsani nsaluyo kwa wolemba, adzasakaniza penti akuiyang'ana.

Kenako tsegulani chithunzi chija cha mzere wa mashopu. Ngati onse ali ndi buluu, inu musakhale wa buluu wachisanu ndi chimodzi. Samalaninso ndi mitundu imene ili kale ndi eni ake m'maso mwa anthu. Kashopu kakang'ono kofiira kokhakokha anthu amakayesa ka Airtel, kachikasu ka MTN, kobiriwira ka Zamtel, ndipo mudzatopa ndi kuyankha obwera kudzatapa ndalama. Pandale naponso ndi chimodzimodzi: wofiira umakumbutsa anthu za chipani cha UPND, wobiriwira za cha PF, wabuluu za cha MMD. Sindikuti mitundu imeneyi ndi yoletsedwa, koma musaiphatikize ndi mawu kapena zizindikiro za pamisonkhano. Chipani cholamula chinasintha mu 1991, mu 2011 ndi mu 2021, pamene kasitomala wa mbali iliyonse amafunabe kumeta.

Zilembo zisiyane kwambiri ndi pamene zakhala. Njira yoyesera n'njapafupi: jambulani chitsanzo chanu ndi foni, musinthe chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera. Zilembo zikasowa, mitunduyo ndi yolemera mofanana. Wofiira pa wobiriwira, kapena wachikasu pa woyera, zimagwa pamayeso amenewa kawirikawiri.

Dzuwa la October silinyengerera. Wofiira ndi wapinki ndi imene imayamba kusuluka, makamaka pakhoma limene limawombedwa ndi dzuwa la masana. Fumbi la August limadetsa zoyera, ndipo mvula ikayamba mu November matope amathovukira m'munsi mwa khoma, choncho chigawo chapansi chikhale chamtundu woderako. Dziwaninso kuti mtundu wa pafoni ndi kuwala, pamene wa pachikwangwani ndi inki kapena penti. Buluu wowala uja mumaona pagalasi la foni amatuluka wozizira akasindikizidwa. Pemphani kuti akusindikizireni kachidutswa kakang'ono kaye, mukakaonere panja.

5. Zilembo

Mtundu umodzi wa zilembo ndi wokwanira, iwiri ndiye malire. Zilembo zonenepa, zoima njo, zimalankhula mokweza ngati wogulitsa hadiweya. Zopyapyala, zopendekeka, zimalankhula motsitsa ngati wa saluni. Sankhani zolankhula mmene inu mumalankhulira. Zokhotakhota zija za pamakadi aukwati musazilembe zonse m'zilembo zazikulu, palibe amene angaziwerenge, ngakhale ine amene ndazilemba.

Chinthu chimene ndimachikonda, koma anthu amachita nacho manyazi, n'kugwiritsa ntchito dzanja la mwini wake. Tengani pepala lalikulu ndi cholembera chonenepa, lembani dzina la shopu maulendo 20, mofulumira, osakongoletsa. Pa 20 amenewo pamakhala limodzi labwino. Wolemba akhoza kulikulitsa n'kuliwongola pang'ono. Zilembo za mu kompyuta aliyense wogwiritsa ntchito pulogalamu yojambulira ya Canva ali nazo, koma kalembedwe kanu palibe wina ali nako mu Lusaka yense.

6. Chotsani

Pachikwangwani palembedwe zinthu zitatu: dzina, chimene mumachita, nambala ya foni. Apa ndimakangana ndi anthu kuposa pena paliponse. Wa saluni amafuna alembe masitayilo onse khumi ndi anayi, kuwonjezapo kuti amagulitsanso mazira ndi makala. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mzere uliwonse umene mwawonjeza umachepetsa zilembo za dzina lanu. Lembani ntchito imene imakudyetsani, ija munaipeza pa sitepe yachiwiri. Zinazo kasitomala adzaziona akalowa.

Mitengo musailembe ndi penti. Amene tinalipo pa 1 January 2013 tikukumbukira, pamene kwacha inachotsedwa maziro atatu, K5,000 n'kusanduka K5: zikwangwani zonse za mitengo zinasanduka zabodza usiku umodzi. Ngakhale popanda zimenezo, mtengo wa unga ndi wa mafuta suima malo amodzi. Mitengo ipite pa kabolodi ka choko kamene mungafufute m'mawa uliwonse.

Nambala ya foni ikhale imodzi, imene simudzaisintha, osati zitatu. Manambala athu ali ndi madijiti 10; agaweni anayi, atatu, atatu, kuti munthu athe kuwagwira ndi maso. Ndipo ngati simukufuna kuimbiridwa pakati pa usiku ndi munthu wofunsa mtengo wa kuluka, musaike nambala imene mumagona nayo kumutu.

Chithunzi chikhale chimodzi, ndipo chikhale chanu: mbale ya nsima imene mwaphika inuyo, mutu umene mwaluka inuyo, chida chimene mumagwira. Zithunzi za pa intaneti zili ndi eni ake, komanso n'zomwezo zimene zili pamasaluni ena makumi awiri a m'dera lanu. Mukafuna kujambula kasitomala, mupempheni momveka kuti nkhope yake ikhala pamsewu, osati pafoni pokha. Ana a eni ake musawaike.

7. Yesani ndi katoni

Musanalipire aliyense, pezani makatoni, muwalumikize akwane kukula kwa chikwangwanicho, mulembepo ndi choko kapena makala, n'kuwapachika pamalo pake. Bwererani kutsidya kwa msewu. Yang'anani m'mawa, masana ndi chakumadzulo, chifukwa mthunzi wa khonde umasuntha. Itanani mwana wa giredi 3 awerenge ali patali. Ngati n'kotheka kwerani minibasi mudutse pakhomo panu ngati mlendo. Anthu adzakusekani tsiku limodzi, koma kusintha katoni n'kwaulere.

Yang'ananinso usiku malaiti atazima. Chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, amene anawononga ndalama pa zikwangwani zodalira magetsi anakhala mumdima maola ambiri patsiku, pamene cha zilembo zoyera pamtundu woderako chinkaonekabe ndi nyali za galimoto. Ngati mumatseka mochedwa, kababu kamodzi ka sola pamwamba pake n'kokwanira.

8. Chopangira, mmisiri ndi khonsolo

Pali njira zitatu zimene ambiri amasankhapo. Yotchipa ndi banner, nsalu ya pulasitiki yosindikizidwa. Ndi yabwino ngati mukungoyesa malo, koma mphepo ya August imaing'amba ikangomangidwa ndi zingwe m'makona, ndiye ikhomereni pafelemu. Yachiwiri ndi chromadek, lata losalala lopentedwa kale kufakitale, limene timamatapo zilembo za vinyl, pulasitiki womata uja. Imeneyi imakhalitsa, ndipo mukasamuka mumanyamula. Yachitatu n'kulemba pakhoma penipeni ndi bulashi. Ndiyo ndimaikonda chifukwa dzanja la munthu limaoneka, koma funsani kaye eni nyumba, ndipo dziwani kuti lendi ikakwera, inu n'kusamuka, chikwangwanicho mudzachisiya pomwepo. Khoma likakhala la pulasitala watsopano, lisiyeni liume masabata angapo, apo ayi penti idzafufuma.

Felemu yachitsulo owotcherera a ku Kalingalinga, m'mbali mwa Alick Nkhata Road, amapanga tsiku lomwelo. Yamatabwa, matabwa ake mukawapeza kumsika wa Buseko. Chitsulo chipakidwe red oxide, penti yofiirira yoyambira ija, chisanapakidwe penti yeniyeni, kuopa dzimbiri. Mukafuna kulemba pa lata wamba la denga, pamafunika primer, penti yoyambira, yakeyake ya malata. Mukangopaka penti yamafuta mwachindunji, idzamatuka ngati khungu la njoka mvula isanathe.

Ngati wina wakukonzerani chithunzi cha chikwangwani pakompyuta, akupatseni fayilo ya PDF, ndipo muisunge ngati chiphaso. Potumiza pa WhatsApp isankhireni njira ya document, chifukwa mukaitumiza ngati chithunzi wamba imachepetsedwa, ndipo ikakulitsidwa zilembo zimatuluka za mano ngati sowo. Fayilo yomweyo ndi imene mudzagwiritse ntchito pa malisiti, pa epuloni ndi pachithunzi cha pa WhatsApp cha nambala yanu ya bizinesi, kuti paliponse muzioneka munthu mmodzi.

Mmisiri asanagwire bulashi, akulembereni papepala mawu onse mmene adzaonekere, inu muwerenge chilembo chimodzichimodzi, nambala muiimbe kuchokera papepalapo, foni yanu ilire, kenako musayine. Ndikunena izi chifukwa zinandionekera ine ndemwe. Ndinasinthanitsa madijiti awiri pachikwangwani cha bambo wina wogulitsa nkhuku, ndipo kwa sabata ziwiri munthu wosalakwa kwinakwake ankadzutsidwa m'mamawa ndi anthu ofunsa mtengo wa nkhuku. Ndinakonza ndi penti yanga, ndi manyazi anga. Pa malipiro, perekani theka poyamba, theka lina ntchito ikatha ndipo mwaiona ndi maso.

Chikwangwani chikakhala choima pachokha m'mbali mwa msewu, kapena chotulukira kunja kwa malo anu, pitani kaye ku khonsolo ya mzinda, ku Civic Centre pa Independence Avenue, mukafunse za chilolezo ndi ndalama zake. Choikidwa popanda chilolezo chikhoza kuzulidwa, ndipo simudzakhala ndi pokadandaula.

Popachika, gwiritsani mabawuti, osati waya, ndipo owotcherera adontheze kamoto pamutu pa bawuti iliyonse kuti isamasulike ndi sipanala, poti chitsulo chili ndi msika kwa ogula zitsulo zakale. Fumbi likachuluka tsukani ndi madzi, sopo wamba ndi kansalu kofewa. Thinner, mankhwala osungunulira penti aja, ndi waya wotsukira mapoto zisayandikire, zimachotsa fumbi pamodzi ndi dzina lanu.